Zothandizira kumva zikakana kulumikizana ndi kabokosi kotumiza mawu

Dandaulo limeneli silitha. Munthu wapeza kabokosi kotumiza mawu a TV molunjika m'makutu popanda waya, walowetsa zingwe zonse, kagetsi kayaka, koma m'makutu muli zii. Wina dzulo ankamva bwinobwino, lero mawu akungodukaduka. Wina akumvera khutu limodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zimene anthu amachita akafika pamenepa: kudina batani lililonse, kufufuta zonse pafoni, kusintha zingwe ndi zam'kati mwa TV nthawi imodzi, mpaka kusokoneza ndi zomwe zinali bwino zomwe. Ena amangotaya mtima, kabokosi n'kukakatsekera m'kabati, iwo n'kubwerera kokweza TV mpaka nyumba yonse kudandaula.

Mawu asanakufikeni amadutsa pamalo atatu. Amachoka mu TV n'kulowa m'kabokosi kudzera pa chingwe. Amachoka m'kabokosi kupita ku zothandizira kumva pa mafunde a wailesi. Kenako amatuluka m'kachipangizo n'kulowa m'khutu. Kawirikawiri pamaduka malo amodzi okha, ndipo ntchito yanu ndi kupeza malowo. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, ndiyeno mupite pa china. Pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitikachitika, n'kumalizira ndi chosowa.

## Musanayambe

- Valani zothandizira kumvazo, wina akulankhuleni. Ngati iyeyo simukumumva bwino, vuto silili pa kabokosi.
- Ikani batire latsopano, kapena tchajani mpaka zidzaze.
- Kabuku ka malangizo kakhale pafupi. Mtundu wa kagetsi ndi kaphethiridwe kake zimatanthauza zosiyana pa kampani iliyonse, choncho musadalire zimene munaona pa kabokosi ka mnzanu.

## Zikukana kulumikizana kuyambira tsiku loyamba

1. Kabokosi ndi zam'makutu si za mtundu umodzi. Apa ndi pamene pamagwa anthu ambiri, ndipo palibe batani limene lingathandize. Pa katoni ya zothandizira kumva palembedwa Bluetooth, pa kabokosi wamba ka m'sitolo ya zamagetsi palembedwanso Bluetooth, munthu n'kuti basi zigwirizana. Koma Bluetooth ilipo yamitundumitundu. Mahedifoni ndi masipika wamba amayendera Bluetooth Classic, imene imadya moto wambiri. Kabatire ka m'khutu n'kochepa zedi, motero makampani ambiri anatenga Bluetooth Low Energy n'kuikapo njira zapadera zonyamulira mawu: Made for iPhone ya Apple, imene inayamba kuoneka m'zothandizira kumva mu 2014, ndi ASHA ya Google, imene inabwera ndi Android 10 mu 2019. Njira ziwirizi n'zolumikizira makamaka foni kapena tabuleti. Kabokosi wamba ka Bluetooth sikazidziwa, ndipo mungadikire mpaka dzuwa kulowa osakaona kakupeza zam'makutu zanu.

N'chifukwa chake kampani iliyonse ili ndi kabokosi kakekake: TV Connector ya Phonak, TV Adapter ya Oticon, TV Streamer ya ReSound, StreamLine TV ya Signia, TV Play ya Widex. Tonseti timatumiza mawu pa 2.4 GHz, koma ka kampani ina sikalankhula ndi zam'makutu za kampani ina. Ngakhale m'kampani imodzi, m'badwo umasiyanitsa. TV Adapter 2.0 ya Oticon inkafuna kachipangizo kovala pakhosi kotchedwa Streamer Pro, pomwe 3.0 imatumiza molunjika m'makutu. TVLink ya Phonak inkadutsira pa ComPilot. Amene wapatsidwa kabokosi kakale ndi m'bale wake aone zimenezi asanavutike ndi zina.

Njira zodutsira zilipo:

- Zothandizira kumva za Phonak kuyambira pa mtundu wa Marvel wa 2018, ndi zina za Unitron, zimalandira Bluetooth Classic. Izi zimatha kulumikizana ndi kabokosi wamba, ngakhale mawu amachedwako.
- Tizipangizo tapakati monga ConnectClip ya Oticon, StreamLine Mic ya Signia ndi Phone Clip+ ya ReSound timalandira Bluetooth wamba n'kupereka mawuwo kum'makutu.
- Auracast, njira ya Bluetooth youlutsira mawu kwa omvera ambiri nthawi imodzi, imene bungwe loyang'anira Bluetooth la Bluetooth SIG linalengeza mu 2022, inakonzedwa kuti ithetse tsankho limeneli. Koma imagwira pokhapokha mbali zonse ziwiri zili nayo.

Chochita: werengani dzina lenileni la zothandizira kumva zanu, lolembedwa pa kachipangizo kapena pa khadi la chitsimikizo, ndipo mulifune pa mndandanda wa zimene kabokosiko kamalandira. Likasowa pamenepo, lekerani pomwepo. Kuyesayesa sikusintha kanthu.

2. Nthawi yodziwana yadutsa. Zothandizira kumva sizikhala zikufunafuna mnzake tsiku lonse. Zimatsegula khomo kwa kanthawi zikangoyatsidwa, pa mitundu yambiri pafupifupi mphindi 3. Tibokosi tina timadikira kanthawi kochepa kuposa pamenepo: pa TV Streamer 2 ya ReSound mukadina batani muli ndi masekondi 20 okha. Ngati mwavala zam'makutu kuyambira m'mawa, khomolo linatsekeka kalekale.

- Za batire lotaya: tsegulani kachitseko ka batire, dikirani masekondi angapo, tsekani.
- Zotchaja: ziikeni mu tchaja pang'ono n'kuzitulutsa, kapena zizimitseni ndi batani monga kabuku kanenera.
- Chitani zonse ziwiri nthawi imodzi, kenako tsatirani kabuku pa chimene chiyambe, kudina batani la kabokosi kapena kuyatsa zam'makutu. Makampani amasiyana pamenepa.

3. Muli kutali. Podziwanitsa koyamba, zam'makutu zikhale pafupi zedi, mita imodzi osapitirira. Chapafupi n'kuzivula n'kuziika pambali pa kabokosi penipeni.

4. Foni yalanda malo. Zam'makutu zikangoyaka, foni imene ikuzidziwa kale imazigwira msangamsanga. Zimitsani Bluetooth pafoni ndi pa tabuleti mpaka mutamaliza. Kufufuta chilichonse sikukufunika.

5. Zili pa flight mode. Zothandizira kumva zambiri zili ndi njira yozimitsira mafunde pokwera ndege, ndipo munthu amatha kuiyatsa osadziwa. Pa za ReSound za batire lotaya, kutsegula ndi kutseka kachitseko katatu m'masekondi 10 ndiko kumaiyatsa, zimene zimachitika mosavuta kwa munthu amene akulimbana ndi kulumikiza ali wokhumudwa. Zizimitseni, ziyatseni kamodzi, muzisiye kanthawi osazigwira.

6. M'kachipangizo mulibe zolandirira mafunde. Tizipangizo tating'onoting'ono tobisika m'kati mwa khutu nthawi zambiri tilibe malo a mlongoti. Zina zili nazo koma zimafuna kuti katswiri wa za makutu azitsegule pa kompyuta. Maikolofoni a Roger a Phonak, otumiza mawu a wolankhula molunjika m'makutu, mwachitsanzo, amafuna cholandirira chake chiikidwe kaye.

## Zalumikizana, koma mawu palibe

Apa maso anu achoke pa zam'makutu, apite kumbuyo kwa TV. Kabokosi sikangatumize chimene sikanalandire.

1. TV ikutumiza mawu m'njira imene kabokosi sikaimva. Pa chingwe cha optical, chonyamula mawu ndi kuwala, pamadutsa mawu amitundu ingapo. PCM ndi mawu wamba a mbali ziwiri, ndipo kabokosi kalikonse kamawalandira. Dolby Digital amalandiridwa ndi tibokosi tambiri ta makampani a zothandizira kumva, koma tibokosi wamba kawirikawiri ayi. DTS pafupifupi tonse timaikana. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira: nkhani za pa tchanelo wamba zikumveka, koma mukatsegula Netflix kapena filimu ya pa chimbale, zii, mwina phokoso lokhalokha losweka. Pitani pa Settings, kenako Sound, funani Digital Audio Output kapena dzina lofanana nalo, muchotse pa Auto kapena Bitstream n'kuika pa PCM. Ngati muli ndi dekoda kapena kachipangizo koonetsera za pa intaneti, chitaninso chimodzimodzi mmenemo. Ine ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi chokha choti aliyense ayese pa vuto ili, chikanakhala chimenechi.

2. Chingwe chili pabowo lolakwika kapena sichinalowe.

- Mabowo ofiira ndi oyera a kumbuyo kwa TV zambiri ndi olowetsera mawu. Funani polembedwa OUT. Polembedwa IN sipatuluka kanthu.
- Chingwe chatsopano cha optical chimabwera ndi tizipewa tapulasitiki kunsonga zonse ziwiri. Tina n'toonekera ngati galasi moti munthu satiwona, amangokakamiza chingwe n'kumadabwa kuti chikugwa chokha. Tichotseni.
- Nsonga yake imalowa mbali imodzi yokha, ndipo ikalowa bwino imalira kuti tsekete.
- TV ili choyaka, zulani nsonga ya ku kabokosi muilozetse pachikhatho. Mukaona kadontho kofiira, kuwala kukudutsa. Ngati palibe, TV sikutumiza kapena chingwe chinathyokera m'kati. Chingwe chimenechi sichifuna kupindidwa mwamphamvu.

3. TV sinauzidwe kotulutsira mawu. Pa Sound Output pamakhala zosankha. TV zina zimatulutsa mawu pa optical nthawi zonse, zina mpaka mutasankha.

4. Zam'makutu sizinalowe pa pulogalamu ya TV. Mitundu ina imayamba yokha TV ikangolankhula. Ina imafuna kuti mudine batani la pa kachipangizo, kapena musankhe TV pa pulogalamu ya pafoni yoyendetsera zam'makutu kapena pa rimoti yake. Ngati munaletsapo mawu a TV ndi batani, zina sizibwereranso zokha mpaka mutazisankhanso.

5. Voliyumu yatsika pamalo amene simukuyang'ana. Mukatengera mawu pabowo la mahedifoni la 3.5 mm, voliyumu yake imatsata rimoti ya TV, ndipo pa TV zina imakhala ndi malo akeake. Mukatsitsa TV kuti ena agone, ndiye kuti mwatsitsanso kabokosi. Pa optical zimenezi kawirikawiri sizichitika.

6. Mawu sakudutsa mu TV n'komwe. Ngati dekoda yalumikizidwa ku soundbar (sipika yaitali yoikidwa pansi pa TV) kapena ku ampulifaya, TV imangolandira chithunzi. Tengani mawu pamene akutulukira. TV ikakhala yopanda optical ndi bowo la mahedifoni, pali kachipangizo kopatula mawu pa HDMI ARC, kotchedwa audio extractor.

7. Kabokosi kalibe moto wokwanira. Bowo la USB la pa TV limazima TV ikazima, ndipo lina limapereka moto wochepa. Yesani pulagi imene inabwera ndi kabokosi, pa soketi ya pakhoma.

## Mawu akudukaduka

1. Batire lafooka. Ambiri amakana zimenezi chifukwa anthu akuwamva bwinobwino. Koma kulandira mawu pa mafunde kumadya moto wambiri kuposa kukuza mawu a m'chipinda, motero batire likayamba kutha, choyamba kusiya ndi mafundewo. Mabatire otaya ndi a zinc-air, amene amayamba kugwira ntchito mpweya ukalowa. Mukamatula kapepala kapamwamba, dikirani mphindi imodzi kapena kuposerapo musanatseke kachitseko. Batire limene linamatulidwa kale n'kusungidwa limatha palokha ngakhale mutamatanso kapepalako. Onaninso tsiku lothera ntchito pa paketi, komanso mtundu wake: 10 ndi wachikasu, 312 wabulauni, 13 wa olenji, 675 wabuluu.

2. Kabokosi kabisika. Pofuna kuti zingwe zisaoneke, anthu amakaponya kumbuyo kwa TV kapena m'kabati. TV ili ndi zitsulo m'kati, ndipo zimatchinga mafunde. Kaikeni kutsogolo kapena pambali, pamalo poti mukakhala pampando mukukaona. Mtunda wolembedwa m'kabuku, mamita 15 pa TV Connector ndi TV Adapter 3.0, pafupifupi mamita 7 pa TV Streamer 2, ndi wa pamalo opanda chotchinga. Khoma limodzi limaudula kwambiri.

Thupi la munthu nalonso limatchinga. Mafunde a 2.4 GHz amamwedwa ndi madzi, ndipo mutu wa munthu ndi madzi ochuluka. Ngati mawu amaduka mukatembenuka kapena mukagonera mbali imodzi pa sofa, khutu lina litakanikizidwa pa pilo, chifukwa chake n'chimenecho. Sunthani kabokosi kapena mpando.

3. Mafunde ena akupikisana nako. Rauta ya Wi-Fi, uvuni wa microwave, mafoni ena a m'nyumba opanda waya ndi zoyang'anira mwana ali m'tulo zimagwiritsa ntchito dera lomwelo la mafunde. Zingwe ndi ma hard drive a USB 3.0 nazonso zimatulutsa phokoso pamenepo.

- Talikitsani kabokosi ndi rauta mita imodzi kapena iwiri.
- Ngati rauta ili ndi 5 GHz, TV ndi makompyuta zipite kumeneko.
- Onani nthawi imene mawu amaduka. Ngati ndi pamene wina akutenthetsa chakudya, mwachipeza.

4. Foni ikulowerera. Uthenga uliwonse ukalowa, foni imatumiza kabelu kake m'makutu, mawu a TV n'kuima kaye. Zimitsani Bluetooth ya pafoni kwa kanthawi. Kudukako kukasiya, tsekani mawu a mauthenga ndi a mabatani olembera.

5. Kabokosi kakugona pamalo achete. Tina timazima tokha tikaona kuti mawu sakubwera. Pa chingwe cha 3.5 mm voliyumu ikakhala yotsika, filimu ikafika pamalo a phee kabokosi kamaganiza kuti TV yazima. Kwezani voliyumu ya pabowolo, mutsitse ya m'makutu.

## Mawu akumveka khutu limodzi

1. Kasefa katsekeka ndi phula la m'khutu. Vulani kachipangizo kosamvekako, yang'anani kunsonga kolowa m'khutu. Kasefa koyera kakaoneka kodera, sinthani ndi katsopano. Musakatokose ndi singano.
2. Batire la mbali imeneyo latha. Mabatire awiri satha tsiku limodzi. Pa zam'makutu zoyendera Bluetooth Classic, chimodzi ndicho chimalumikizana ndi chotumiza mawu m'malo mwa zonse ziwiri, ndipo chimenecho chimatha moto msanga.
3. Chimodzi chokha ndicho chinadziwana ndi kabokosi. Bwerezani kulumikiza, zonse ziwiri zili pamodzi. Pafoni payenera kuoneka L ndi R. Pa zam'makutu, chizindikiro chofiira ndi cha kumanja, chabuluu cha kumanzere.
4. Pulagi ya 3.5 mm sinalowe yonse, kapena chingwe chimodzi mwa chofiira ndi choyera chazuka.
5. Balance yapendekera mbali imodzi, pa TV kapena pa pulogalamu ya pafoni.

Musasinthanitse zam'makutu kuti muyesere, chifukwa chilichonse chinatcheredwa molingana ndi khutu lake, ndipo champhamvu chikhoza kupweteka khutu labwinoko. Pemphani wakumva bwino achifumbate m'dzanja n'kuchiyandikitsa kukhutu kwake. Chikakhala kuti chikulankhula koma inu simukumva, vuto lili m'khutu, ndipo muwerenge gawo lomaliza lero lomwe.

## Mawu akuchedwa, kapena akumveka kawiri

Kwa munthu wosamva bwino iyi si nkhani yaing'ono, chifukwa maso amathandiza makutu. Milomo ikatsogola, mawu n'kubwera pambuyo, kumvetsa kumavuta kuposa kale ndipo munthu amatopa msanga.

1. Kabokosi ndi ka Bluetooth wamba. Njira imeneyi nthawi zambiri imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 100 mpaka 200, mwinanso kuposa. Tibokosi ta makampani a zothandizira kumva tinapangidwa kuti kuchedwako kukhale kochepa koti munthu sakuzindikira. Musakopeke ndi mawu oti aptX Low Latency pa katoni: imachepetsadi kuchedwa kufika pafupifupi mamilisekondi 40, koma pokhapokha cholandira nachonso chili nayo, ndipo zothandizira kumva kawirikawiri zilibe. Kudutsira pa kachipangizo kapakati kumawonjezeranso kuchedwa.

2. Mukumva TV kawiri. Sipika ya TV ikulankhula, maikolofoni a zam'makutu akuitola, kabokosi nakonso kakutumiza mawu omwewo kamphindi pambuyo. Zimamveka ngati mukulankhulira m'nyumba yopanda katundu. Zimakula kwa amene amavala timphira tobooka, tosatseka khutu lonse. Tsitsani sipika ya TV, kapena pa pulogalamu ya pafoni chepetsani mawu a m'chipinda n'kukweza a TV.

3. TV ikuchedwetsa dala. Funani Audio Delay kapena Lip Sync. Ngati mawu a m'makutu akuchedwa, ikani pa 0. Ngati akutsogola chithunzi kapena sipika, wonjezerani pang'onopang'ono mukuyang'ana pakamwa pa wowerenga nkhani. Zimitsaninso zokometsera mawu monga surround, chifukwa nazo zimatenga nthawi.

## Inu mukumva, ena m'nyumba sakumva

TV zambiri zimatseka masipika ake mukangolowetsa chingwe pabowo la mahedifoni. Samukirani pa optical, ndipo pa Sound Output sankhani zoti sipika ndi optical zilankhule pamodzi ngati TV yanu imalola. Ngati bowo la optical latengedwa kale ndi soundbar, pali kogawira chingwe pawiri. Pamenepo kumbukirani kuti zonse zidzalandira mtundu umodzi wa mawu, choncho PCM ndiyo yosavuta.

Vuto limatembenukanso: TV mukuimva bwino, koma amene mwakhala naye pampando simukumumva. Kuchuluka kwa mawu a m'chipinda poyerekeza ndi a TV kumasinthika, pafoni kapena kwa katswiri. Sindilimbikitsa kutseka maikolofoni kotheratu mukakhala nokha m'nyumba, chifukwa kugogoda pachitseko, kulira kwa mwana kapena alamu ya utsi zingakudutseni.

## Mawu ndi otsika, osweka kapena ali ndi mlilimo

- Otsika: kwezani potulukira pa TV kaye, kenako pa kabokosi ngati kali ndi mabatani ake, zam'makutu pomaliza.
- Osweka: voliyumu ya pabowo la mahedifoni yakwera kwambiri. Itsitseni pang'ono.
- Mlilimo wosalekeza: kawirikawiri umabwera chingwe cha 3.5 mm ndi cha USB zikalumikizidwa ku TV imodzi. Tengani moto pakhoma kapena gwiritsani ntchito optical, imene simanyamula phokoso la magetsi.
- Nyimbo zikumveka zopyapyala: timphira tobooka timataya mawu okhuthala. Katswiri angasinthe pulogalamu ya TV payokha osakhudza ya tsiku ndi tsiku.

## Zinkagwira ntchito, lero zaleka

Dzifunseni chimene chasintha. TV ikalandira pulogalamu yatsopano, nthawi zina imabwezera PCM pa Auto. Zothandizira kumva zikachokera kokonzedwa, mwina mwapatsidwa kachipangizo kena kofanana ndi kakale, kamene kabokosi sikakadziwa, ndiye kofunika ndi kudziwanitsanso. Wina posesa akhoza kukhudza chingwe. Tsatirani ndondomeko iyi, mukuyesa mukatha chilichonse:

1. Zimitsani ndi kuyatsanso zam'makutu.
2. Zulani moto wa kabokosi kwa theka la mphindi.
3. Zulani TV pakhoma, osati kungoizimitsa ndi rimoti.
4. Onaninso PCM ndi Sound Output.
5. Dziwanitsaninso kabokosi ndi zam'makutu.

Kufufuta kulumikizana kwa Bluetooth sikuchotsa zimene katswiri anatchera molingana ndi makutu anu, choncho musaope. Komabe kukhale komaliza, osati koyamba.

Batire kutha msanga mutayamba kumvera TV m'makutu si kuwonongeka. Chodabwitsa n'choti lithe m'maola ochepa musanamvere chilichonse pa mafunde.

## M'holo, m'nyumba yopemphereramo kapena pabwalo la ndege

Chikwangwani cha khutu chokhala ndi chilembo T chimatanthauza waya wozungulira chipinda, amene amatumiza mawu ndi mphamvu ya maginito. Imeneyi si Bluetooth, ndipo palibe kudziwanitsa. Chofunika ndi kakoyilo kotchedwa telecoil m'kachipangizo kanu, ndi pulogalamu ya T imene katswiri anaitsegula. Ngati simukumva, onani kuti mwakhala m'kati mwa dera la wayayo, ndipo funsani oyang'anira malo ngati makina awo ayatsidwa. Mlilimo pa T umachokera ku mawaya a magetsi ndi nyali zina, ndipo kusintha pokhala kumathandiza. Pa Auracast mumasankha dzina la mawuwo pafoni, ndipo ena amafuna nambala yachinsinsi imene eni malo amapereka.

## Pamene muyenera kusiya n'kufuna thandizo

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati:

- Khutu limodzi laleka kumva mwadzidzidzi, kachipangizo kali bwinobwino. Musadikire kuti lidzatseguka lokha. Kusamva kwadzidzidzi kumafuna dokotala tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa mankhwala ake amathandiza kwambiri akaperekedwa m'masiku oyambirira.
- Khutu likupweteka, likutuluka mafinya kapena magazi, kapena mukuchita chizungulire.
- Kamphira kapena kasefa katsalira m'khutu. Musakatokose ndi chilichonse.
- Mwana kapena wamkulu wameza batire, kapena walilowetsa m'mphuno kapena m'khutu. Likhoza kuwotcha mnofu m'maola ochepa. Musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala.

Lekani kugwiritsa ntchito chipangizo ngati:

- Chotchaja chatupa, chatentha kapena chikununkha. Chichotseni mu tchaja.
- Pulagi ya kabokosi yang'aluka, yapsa kapena yanyowa. Musaitsegule.
- Muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Musanavale chopachika pakhosi funsani dokotala wa mtima. Makampani ena amaletseratu, ena amati pakhale mpata wa masentimita 15.

Pitani kwa katswiri wa za makutu amene anakutcherani ngati:

- Kabokosi kali pa mndandanda wa zogwirizana, mwatsata zonsezi, koma sizikudziwana.
- Kachipangizo kamodzi sikalandira mafunde kuchokera ku foni ngakhale ku kabokosi, pomwe kanzake kakulandira.
- Mukukweza voliyumu mpaka pamapeto kuti mumve. Mwina kumva kwanu kwasintha ndipo mukufunika kupimidwanso. Kungokweza kukhoza kuwononga kumva kumene kwatsala.
- Pakufunika kuika pulogalamu yatsopano m'zam'makutu kapena kutsegula telecoil.

Musatsegule chothandizira kumva ndi sikuludiraiva, ndipo musachipereke kwa wokonza mafoni. M'kati mwake n'mosalimba, ndipo chitsimikizo cha kampani chimathera pomwepo. Popita kwa katswiri tengani zam'makutu zonse ziwiri, tchaja, kabokosi ndi zingwe zake, foni yanu, ndi chithunzi cha mabowo a kumbuyo kwa TV pamodzi ndi kapepala kolembedwa mtundu wake. Lembaninso zimene mwayesa kale, mtundu wa kagetsi kamene kanayaka, ndi nthawi imene vutolo limachitika.